Harvard yatulutsa opambana sikolashipu ya Rhodes oposa 350: kodi mwana wophunzira kuno kwathu ali ndi mwayi?

Mayi wina wa ku Zomba walemba motere: "Mwana wanga wamkazi ali chaka chachitatu pa yunivesite ya boma kuno kwathu. Akuphunzira zachuma ndipo wakhala akukhoza bwino kwambiri chiyambire chaka choyamba. Mtima wake wonse uli pa sikolashipu ya Rhodes yokaphunzirira ku yunivesite ya Oxford ku Britain. Posachedwapa anawerenga kuti yunivesite ya Harvard ku America yatulutsa ophunzira mazanamazana opambana sikolashipuyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo wagwa ulesi, akuti zimenezi ndi za ana a m'masukulu otchuka okhaokha. Mlongo wanga, amene ndi malume ake, akuti tigulitse puloti yomwe malemu bambo ake anatisiyira kuti akamalizire maphunziro ake pa yunivesite yodziwika kunja. Kodi dzina la yunivesite ndi limene limapambanitsa mwana? Tichite bwanji?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Choyamba ndikupempheni kuti mtima ukhale pansi, ndipo pulotiyo musaikhudze. Zimene mwana wanu anawerengazo ndi zoona. Harvard, yunivesite yakale kwambiri ku America yomwe inakhazikitsidwa mu 1636 mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, yatulutsa opambana sikolashipu ya Rhodes oposa 350, ndipo palibe yunivesite ina m'dzikolo yomwe yafika pamenepo. Yale ndi Princeton ndizo zikutsatira, iliyonse inadutsa 200. Koma chiwerengerochi chili ndi magwero ake odziwika bwino, ndipo ambiri mwa magwerowo sakhudza mpikisano umene mwana wanu adzalowe. Pa zaka zomwe ndakhala ndikulangiza ophunzira ofuna maphunziro akunja, chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuona ana anzeru akudzichotsa okha pampikisano chifukwa chowerenga manambala otere asakudziwa kuti anachulukana bwanji.

Sikolashipuyi inachokera mu wilo ya Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain amene analemera ndi migodi ya kumwera kwa Africa n'kumwalira mu 1902, ndipo ophunzira oyamba anafika ku Oxford mu 1903. Rhodes sanaike ophunzira a dziko lonse lapansi pampikisano umodzi. Anagawa malo motsata maiko ndi zigawo, ndipo ngakhale maiko ena anawonjezeredwa pambuyo pake, dongosolo limeneli lidakalipo mpaka lero. Chaka chilichonse amasankha ophunzira opitirira pang'ono 100, ndipo mwa amenewa 32 amachokera ku America. Dziko la Malawi lili m'gulu limodzi ndi Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, pomwe Zambia ndi Zimbabwe ali ndi malo awoawo. Izi zikutanthauza kuti mnyamata wa ku Texas kapena ku New York wophunzira pa Harvard sadzakhala pamzere umodzi ndi mwana wanu ngakhale tsiku limodzi. Iye akulimbirana malo a Amereka anzake, pamaso pa komiti yake, ndipo kupambana kwake sikuchotsa kanthu pa malo omwe anapatsidwa kwa ife.

Nanga Harvard inafika bwanji pa 350? Mbali yoyamba ndi nthawi chabe. Amereka anayamba kupita ku Oxford pa sikolashipuyi mu 1904, ndipo pofika lero onse pamodzi apitirira 3,500, kotero kuti gawo la Harvard ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse. Mbali yachiwiri ndi kagawidwe ka malo m'dzikomo, ndipo iyi ndi imene anthu ambiri saidziwa. America inagawidwa m'zigawo 16, chilichonse chimasankha ophunzira awiri, ndipo wophunzira amaloledwa kupikisana kuchigawo chimene amaphunzirako kapena kuchigawo cha kwawo kumene makolo ake amakhala. Yunivesite yaing'ono yomwe imatenga ana a m'dera limodzi imapezeka kuti ana ake onse aunjikana pa malo awiri omwewo. Harvard imatenga ana kuchokera kumadera onse a dzikolo, choncho ikafika nthawi ya mafunso ophunzira ake amabalalikira m'zigawo zosiyanasiyana, wina ku California, wina ku Georgia, wina ku Minnesota, ndipo sapondana zala. M'chaka chimodzi yunivesiteyo ikhoza kupambana m'zigawo zinayi kapena zisanu popanda ana ake kulimbana okhaokha.

Mbali yachitatu ndi imene ndikufuna mwana wanu aimvetse kwambiri, chifukwa ndi yokhayo yomwe angathe kutengera. Ku America wophunzira saloledwa kupikisana ngati yunivesite yake sinamuvomereze, ndipo Harvard ili ndi ofesi yomwe ntchito yake ndi kuthandiza ophunzira pa masikolashipu ndi kafukufuku basi. Kuwonjezera apo, ophunzira ambiri kuyambira chaka chachiwiri amakhala m'nyumba 12 za yunivesiteyo, ndipo m'nyumbazo muli alangizi oona za masikolashipu. Mwana amamva za Rhodes akadali ndi zaka ziwiri kapena zitatu zoti akonzekere. Amauzidwa msanga kuti achite kafukufuku ndi mphunzitsi amene adzathe kumulembera umboni wozama, amakumana ndi anzake amene anadutsamo kale, ndipo asanapite ku mafunso enieni amayesedwa ndi anthu odziwa mmene komiti imafunsira. Wopambana wa chaka chino amadzakhala mlangizi wa amene akubwera, ndipo zikatero kwa mibadwo ingapo mbiri imadzikulitsa yokha. Sindikukana kuti ana a pa Harvard ndi anzeru, popeza yunivesiteyo imasankha ochepa kwambiri mwa ofunsira malo. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo akuti komiti ikangoona dzinalo basi nkhani yatha.

Tiyeneranso kukumbukira kuti mbiri za mayunivesitezi zinalembedwa pa nthawi imene khomo linali lotsekedwa kwa anthu ambiri. Munthu wakuda woyamba wa ku America kupambana sikolashipuyi anali Alain Locke, wophunzira wa pa Harvard yomweyo, mu 1907. Atasankhidwa, makoleji angapo a ku Oxford anamukana kufikira pomwe koleji ya Hertford inamulandira, ndipo panadutsa zaka zoposa 50 kuti munthu wina wakuda wa ku America asankhidwenso. Amayi sankaloledwa konse mpaka mu 1977, pambuyo poti dziko la Britain lakhazikitsa lamulo la mu 1975 loletsa kusalana potengera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Ku South Africa wilo ya Rhodes inapatula malo a masukulu anayi a anyamata, omwe ndi South African College School, Diocesan College, sukulu ya ku Stellenbosch yomwe tsopano ndi Paul Roos Gymnasium, ndi St Andrew's College, ndipo ndi m'zaka zaposachedwapa pomwe malowo anatsegulidwa kwa masukulu ena kuphatikizapo a atsikana. Choncho mwana wanu akaona yunivesite ikunyadira mndandanda wautali wa opambana, adziwe kuti kwa zaka zoposa 70 zoyambirira mtsikana aliyense, kaya anali wanzeru motani, sakanatha kulowa pamndandandapo.

Khomolo litangotseguka, mmodzi mwa oyamba kulowa anachokera kwa aneba athu. Lucy Sichone anaphunzira zamalamulo pa University of Zambia, yunivesite ya boma yomwe inali isanakwanitse n'komwe zaka 15, ndipo mu 1978 anakhala mayi woyamba wa ku Zambia kupambana sikolashipu ya Rhodes. Anakaphunzira pa koleji ya Somerville, nabwerera kwawo kumene anadziwika ngati loya ndi mlembi wosaopa pomenyera ufulu wa anthu wamba mpaka imfa yake mu 1998. Mu 2015 chithunzi chake chinapachikidwa mu Rhodes House, likulu la sikolashipuyi ku Oxford, choyamba cha mayi wopambana sikolashipuyi kupachikidwa m'nyumbamo. Arthur Mutambara, amene anadzakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Zimbabwe kuyambira mu 2009, anachokera pa University of Zimbabwe kumene ankaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi kutsogolera ophunzira anzake, ndipo anapita ku Oxford mu 1991. Ngakhale ku America komweko opambana achokera m'makoleji ndi mayunivesite oposa 300. Bill Clinton anachokera pa Georgetown mu 1968, ndipo J. William Fulbright, amene dzina lake lili pa sikolashipu ina yotchuka, anachokera pa University of Arkansas.

Sindikufuna kukunamizani kuti njira ndi yosalala. Gulu la maiko asanu limene Malawi alimo limapatsidwa malo amodzi okha pachaka, ndipo ena mwa amene mwana wanu adzakumane nawo ndi Amalawi, Atswana kapena Anamibia omwe anaphunzira ku Cape Town, ku Johannesburg kapena pa Harvard pomwepo, chifukwa wophunzira wakunja amabwerera kukapikisana m'gulu la dziko lake. Magiredi amafunika apamwamba kwambiri, ofanana ndi digiri ya kalasi yoyamba, kapena 3.7 pa sikelo ya 4.0. Palinso malire a zaka zakubadwa, omwe amakhala cha m'ma 24, ndi mpata wina wofika cha m'ma 27 kwa amene anachedwa kumaliza digiri yoyamba, ndipo malirewa ayenera kuwerengedwa m'chikalata cha malamulo cha chaka chimene mwana akufunsira.

Apa ndi pamene maganizo a malume ake, ngakhale akuchokera m'chikondi, angapweteke mwana. Kusamukira ku yunivesite yakunja sikumusinthira gulu lopikisanamo, adzakhalabe pa malo amodzi omwewo. Mayunivesite ambiri savomereza maphunziro onse amene wophunzira anachita kwina, kotero akhoza kubwezedwa chaka chimodzi kapena ziwiri, zomwe zingamuyandikizitse ku malire a zaka aja. Choipa kwambiri n'chakuti adzasiya aphunzitsi omwe amuona kwa zaka zitatu n'kukayamba kudziwika kwa alendo, pa nthawi imene akufunika anthu omudziwa bwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Digiri yomwe yatsala chaka chimodzi ndi magiredi abwino, pamodzi ndi puloti ya banja, ndi zinthu zomwe muli nazo m'manja, ndipo sindingalangize kholo lililonse kuzitaya chifukwa cha mpikisano wa malo amodzi.

Chimene mwana wanu angachite ndi kudzipangira yekha zimene ofesi ya Harvard imachitira ana ake, ndipo ayambire pa makalata a umboni, chifukwa apa ndi pamene ophunzira athu amagwera kawirikawiri. Ndawerengapo makalata ambiri a mizere itatu: mphunzitsi akunena kuti akumudziwa wophunzirayu, kuti ndi wakhalidwe labwino ndi wolimbikira, kuti akumufunira zabwino zonse, kenako siginecha ndi chidindo chachikulu chofiirira pansi. Kalata yotere siinama, koma ingalembedwe za wophunzira aliyense m'kalasimo, ndipo komiti ikaiwerenga imangoona kuti mphunzitsiyo sakumudziwa mwanayo. Kalata yothandiza imanena kuti wophunzirayu anali pamalo ati m'kalasi ya anthu angati, kuti pa kafukufuku wake anapeza cholakwika m'manambala omwe anzake onse anangowavomereza, kuti magetsi atazima sabata ya mayeso iye anasonkhanitsa anzake n'kuwaphunzitsa. Mphunzitsi sangalembe zotere za mwana amene amangokhala kumbuyo n'kukhoza mayeso mwakachetechete. Mwana wanu apite ku maofesi a aphunzitsi ake chaka chino, apemphe kuthandiza pa kafukufuku wawo ngakhale kulowetsa manambala mu kompyuta kokha, ndipo ikadzafika nthawi awapatse miyezi iwiri, pamodzi ndi tsatanetsatane wa zimene sikolashipuyi imafuna. Chikalata cha magiredi nachonso achiitanitse msanga, chifukwa ndaonapo ana akulephera kutumiza mafomu kaamba kodikira siginecha imodzi.

Magiredi amangomulowetsa pakhomo. Rhodes mwiniwake analemba mu wilo yake kuti sakufuna anthu ongodziwa mabuku okha, ndipo mpaka lero komiti imayang'ana zinthu zinanso: mphamvu zogwiritsa ntchito luso lake mokwanira, kuona mtima ndi kulimba mtima, chifundo pa ofooka, ndi mtima wotsogolera ena. Ana ambiri akamva zimenezi amathamangira kulowa m'magulu asanu ndi awiri m'chaka chomaliza kuti pepala lidzaze, ndipo komiti imazindikira msanga. Chinthu chimodzi chomwe mwana wachigwira kwa zaka zingapo n'kuonetsa zipatso chimalemera kuposa maudindo khumi a dzina lokha. Ngati wakhala akuthandiza amayi a banki m'khonde kulemba mabuku awo a ndalama, kapena kuphunzitsa masamu ana a Fomu 4 pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kwanuko pa tchuthi chilichonse, asachione ngati chaching'ono poyerekeza ndi zimene ana a ku America amalemba. Wophunzira zachuma amene anakhala pansi ndi amayi khumi n'kuona mmene ngongole imazungulirira pa nthawi ya njala ali ndi zonena zomwe anzake ophunzira kunja alibe.

Pa nkhani ya kalata yofotokoza za iye mwini, malamulo amafuna kuti ikhale ntchito yake yekha, ndipo lamuloli limathandiza ana ngati wanu chifukwa limachepetsa mphamvu za alangizi a m'masukulu olemera. Ayeneranso kudziwa bwino maphunziro amene akufuna ku Oxford ndi chifukwa chake, popeza kusankhidwa ndi komiti ya Rhodes sikutanthauza kuti yunivesite yamulandira kale. Amafunsira malo payekha pambuyo pake, choncho awerenge msanga zimene dipatimenti yomwe akufunayo imayembekezera kwa munthu wa digiri yochokera ku Malawi, makamaka pa masamu ngati akufuna kupitiriza zachuma. Mafomu amatsegulidwa pakati pa chaka, ndipo osankhidwa amayamba maphunziro mu Okutobala wa chaka chotsatira. Mafunso apamasom'pamaso akhoza kuwayeseza popanda kulipira kanthu: apemphe aphunzitsi atatu a m'madipatimenti osiyana, makamaka amene anaphunzirako kunja, kuti amukhazike pampando kwa theka la ola n'kumutsutsa pa chilichonse chimene walemba. Ana athu analeredwa kuti asamatsutsane ndi akulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'chipinda cha mafunso ayenera kuphunzira kuimirira pa mfundo yake mwaulemu pamene pulofesa wamuuza kuti walakwitsa.

Ndimalangizanso wophunzira aliyense kuti asaike chiyembekezo chonse pa Rhodes. Bungwe la Beit Trust, lochokera ku chuma cha Alfred Beit amene anali mnzake wa Rhodes, limapereka masikolashipu a digiri yachiwiri kwa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Pali Commonwealth, pali Gates Cambridge yomwe inayamba mu 2000, pali Mandela Rhodes yophunzirira ku South Africa, ndipo pali Chevening ya boma la Britain, yomwe imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo ilibe malire a zaka zakubadwa. Ntchito yokonzekera imodzi imathandiza pa zonsezi.

Mwina tsiku lina mwana wanu adzafunsa za kumene ndalamazi zinachokera, ndipo ndi funso loyenera, lomwe ngakhale komiti ikhoza kumufunsa. Chuma cha Rhodes chinachokera ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley ndi ku malo olandidwa kwa eni ake, maiko awiri a m'chigawo chino, Zambia ndi Zimbabwe, anatchedwapo dzina lake (Rhodesia), ndipo kampani yake ya British South Africa Company inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kuthandiza ulamuliro wa atsamunda wa Harry Johnston m'dziko lathu lino kuyambira mu 1891. Mu 2015 ophunzira a pa University of Cape Town anachititsa kuti chiboliboli chake chichotsedwe, ndipo ena mwa amene anatengera mkanganowo ku Oxford anali opambana sikolashipu yomweyi. Ine ndimaona kuti mwana wa m'chigawo chino ali ndi ufulu wonse wophunzira ndi chumachi, koma ndi bwino aganizirepo yekha n'kukhala ndi yankho lakelake.

Pomaliza, chenjerani ndi anthu odzitcha maejenti. Kufunsira sikolashipu ya Rhodes n'kwaulere ndipo kumachitika pa tsamba la pa intaneti lokha la Rhodes Trust, bungwe loyendetsa sikolashipuyi, choncho aliyense wopempha ndalama pa WhatsApp kapena pa Facebook polonjeza malo ndi wakuba, ndipo ngati mwatumiza kale ndalama kanenani kupolisi. Pakakhala chosamveka pa zaka zakubadwa, unzika kapena magiredi, mwana wanu alembere mlembi woyang'anira sikolashipuyi m'chigawo cha kumwera kwa Africa, amene adiresi yake ili pa tsamba lomwelo, mafomu asanatsekedwe. Pa nkhani ya puloti, popeza ndi chuma chamasiye, musasaine pepala lililonse musanakhale pansi ndi abale onse okhudzidwa ndi munthu wodziwa zamalamulo. Ndipo mwanayo mumuyang'anitsitse: kugwa ulesi kwa masiku ochepa si kodetsa nkhawa, koma mukaona kuti wasiya kudya bwino, sakugona, akujomba m'kalasi kapena akulankhula zodziona wopanda pake kwa masabata angapo, mupite naye kwa mlangizi wa ophunzira pa yunivesite yake kapena kuchipatala, musadikire kuti magiredi ayambe atsika.